Loya Akatopa, Amavutika Ndani?

 Lero pa pulogalamu yathu ya zamalamulo tikamba za anthu amene timawaona pakhonde la khoti atavala mikanjo yakuda, mafayilo ali kukhwapa, akuthamangira m'chipinda chozengera milandu. Awa ndi maloya oimira anthu pamilandu. Mfundo yomwe ndikufuna tiyiunike pamodzi ndi yakuti loya amene wasenza milandu yoposa mphamvu zake, amene sagona mokwanira, amene mutu wake wadzaza ndi ngongole ndi nkhawa, sakungodzipweteka yekha. Akulephera udindo wake kwa munthu amene akumuimira komanso kwa bwalo la milandu. Choncho thanzi la loya, la thupi ndi la maganizo, liyenera kuwerengedwa ngati gawo la mwambo wa ntchito yake, limodzi ndi kusunga chinsinsi, kusanamiza khoti ndi kusagwira ndalama za kasitomala.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mlandu ukamazengedwa. Ambiri amaganiza kuti luso la loya ndi kulankhula, koma gawo lalikulu la ntchito ya m'khoti ndi kumvetsera. Mboni ya boma ikamapereka umboni, loya wa wozengedwa mlandu amayenera kugwira mawu aliwonse, kuwayerekeza ndi zomwe mboni yomweyo inauza apolisi miyezi ingapo m'mbuyomo, ndi kuzindikira pamene yasintha nthawi, malo kapena chiwerengero cha anthu omwe inawaona. Amayenera kuimirira msanga ngati woimira boma akuikira mboni mawu m'kamwa, kapena akulowetsa nkhani zongomva kwa ena ngati umboni. Mpata wotsutsa ndi wa kanthawi kochepa, ukadutsa mawuwo alembedwa kale. Pali lamulo lakale lochokera ku England, la pa mlandu wa Browne v Dunn wa m'chaka cha 1893, lomwe mabwalo a m'maiko otsata malamulo ochokera kumeneko amalilemekeza. Limati ngati ukufuna kudzanena kumapeto kuti mboni inanama pa mfundo inayake, uyifunse za mfundoyo ikadali pamaso pa woweruza kuti idziyankhire. Loya akaiwala funso limodzi lotere, mlandu wa kasitomala wake umafooka, ndipo n'kovuta kuukonza pa apilo. Kuno ku Malawi palinso katundu wina pamwamba pa zonsezi. Mabwalo amalemba nkhani m'Chingerezi, pomwe mboni zambiri zimalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena kudzera mwa womasulira. Loya amayenera kumva zonena za mboni ndi zonena za womasulira nthawi imodzi, kuti pakapotoka tanthauzo adandaule pomwepo. Munthu amene wagona maola atatu okha sangachite zimenezi tsiku lonse popanda kuphonya.

Nkhani ina ya ku America ikuonetsa komwe vutoli lingafike. M'chaka cha 1984, bwalo lina mumzinda wa Houston, m'boma la Texas, linagamula kuti Calvin Burdine aphedwe pa mlandu wakupha. Patapita zaka, ena mwa anthu amene anaweruza nawo mlanduwo pamodzi ndi kalaliki wa khoti anachitira umboni kuti loya wa Burdine ankaodzera mobwerezabwereza pamene woimira boma ankafunsa mboni. Nkhaniyi inayenda m'mabwalo kwa zaka zambiri, ndipo oweruza ena anafika ponena kuti Burdine sanasonyeze bwino kuti loyayo ankagona pa mfundo zofunika. M'chaka cha 2001 bwalo la apilo la Fifth Circuit, litakhala oweruza onse pamodzi, linagamula kuti loya amene ali m'tulo ali ngati palibe loya, ndipo mlanduwo uyenera kuzengedwanso. Kaya chinamugonetsa loyayo n'chiyani, phunziro la chigamulochi ndi lakuti ufulu wokhala ndi woimira pamlandu sukwaniritsidwa pongoona munthu wovala suti atakhala pambali pako. Ndipo pakati pa loya wogoneratu ndi loya watcheru pali maloya ambiri amene maso ali otsegula koma maganizo atha mphamvu. Amenewo palibe kalaliki amene angawachitire umboni, chifukwa kutopa kwawo sikuoneka.

Kwathu kuno kutopa kwa maloya kumaonekera kwambiri pa kusuntha masiku a milandu. Loya wapatsidwa milandu itatu m'mawa umodzi, wina ku bwalo la majisitireti, wina ku bwalo lalikulu, wina m'boma lina. Amatumiza mnzake kuti akamugwirire fayilo, mnzakeyo sadziwa nkhani yake, ndiye amangopempha tsiku lina. Kapena amafika yekha asanawerenge umboni, n'kupempha kuti mlandu uyambe waima. Papepala ndi mzere umodzi wokha, koma taganizani za amene akulipira mzere umenewo. Mboni yachokera kumudzi, yasiya munda nthawi ya dzinja, yakongola ndalama ya minibasi, ndipo ulendo wachitatu sibweranso. Wozengedwa mlandu amene alibe belo amabwerera kundende ya Maula, ya Chichiri kapena ya Zomba kukadikira. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo mlandu wake uzengedwe m'nthawi yoyenera. Lamulo la kazengedwe ka milandu yaupandu, litakonzedwanso mu 2010, linaika malire a masiku omwe munthu angasungidwe mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya ku mabwalo ang'onoang'ono, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Ndipo mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, bwalo linapeza kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wawo. Sindikunena kuti maloya ndiwo okha amachedwetsa milandu. Mafayilo amasowa, mboni za boma sizibwera, galimoto yonyamula akaidi imasowa mafuta, oweruza ndi ochepa. Koma gawo lomwe lili m'manja mwa loya ndi lake, ndipo aliyankhe.

Kuti timvetse zomwe nthawi ndi kukonzekera zimachita pamlandu, tikumbukire mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake. Mu 2007 bwalo lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Izi zinatsegula njira yoti akaidi amene anaweruzidwa motero amvedwenso pa nkhani ya chilango, ndipo ntchitoyi inayamba mu 2015. Maloya ndi othandizira pa zamalamulo anapita m'midzi ya akaidiwo, anacheza ndi abale awo ndi mafumu, anafufuza za ubwana wawo ndi za thanzi la maganizo awo, ndipo pomwe mafayilo anasowa anayesetsa kumanganso nkhani kuchokera kwa amene ankaikumbukira. Akaidi oposa 150 anamvedwanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo ambiri anatuluka m'ndende. Anthu ake anali omwewo, milandu yake inali yomweyo. Lamulo litalola kuti mbiri ya munthu imveke, panafunikabe wina wokhala ndi nthawi ndi mphamvu zokafufuza mbiriyo. Loya wokhala ndi mafayilo osawerengeka patebulo sangakwere njinga kupita kwa nyakwawa kukafunsa za kasitomala mmodzi.

Palinso udindo wa loya kwa khoti lenilenilo, womwe anthu wamba ambiri saudziwa. Loya saloledwa kunamiza woweruza ngakhale kasitomala atamukakamiza. Saloledwa kuika pamaso pa bwalo mboni yomwe akudziwa kuti inena bodza. Ngati akudziwa chigamulo cha bwalo lalikulu chomwe chikutsutsana ndi mfundo yake, amayenera kuchitchula ngakhale chikumupweteka. Udindo wotere umafuna munthu wodekha, wokhoza kuuza kasitomala wolemera ndi waukali kuti ayi. Maloya ambiri amene amagwa sayamba ndi mtima wofuna kuba kapena kunama. Amayamba ndi kudumpha kanthu kamodzi chifukwa nthawi yatha. Mu 2023 bwalo lina ku New York linalipitsa maloya chindapusa cha madola 5,000 pa mlandu wa Mata v Avianca, chifukwa anapereka kukhoti zigamulo zomwe kulibe. Anazitenga pa ChatGPT osazitsimikiza. Kutsimikiza kukanawatengera maola ochepa chabe. Chimodzimodzinso ndi ndalama za kasitomala, zomwe lamulo limati zisungidwe padera: loya wopanikizika ndi lendi ya ofesi ndi malipiro a antchito amadziuza kuti angobwerekako pang'ono adzabweza kumapeto kwa mwezi. Kupanikizika sikuchotsa mlandu wake, ndipo woba ndalama za mayi wamasiye ayenera kulangidwa mosanyengerera. Koma amene akufuna kuti kuba kotere kuchepe ayang'anenso komwe kumayambira.

Umboni wa kuchuluka kwa vutoli ulipo. Mu 2016 bungwe la maloya a ku America la American Bar Association, mogwirizana ndi bungwe la Hazelden Betty Ford Foundation, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa maloya pafupifupi 13,000. Mmodzi mwa asanu aliwonse anapezeka kuti amamwa mowa mwa njira yoika moyo wake pachiswe, maloya 28 mwa 100 aliwonse anali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, ndipo 19 mwa 100 aliwonse anali ndi nkhawa yopitirira muyeso. Chomwe chinadabwitsa ambiri n'chakuti achinyamata, amene angoyamba kumene ntchito, ndiwo anali pachiopsezo chachikulu cha mowa kuposa akuluakulu. Mu 2021 bungwe la International Bar Association linatulutsa lipoti lochokera kwa maloya oposa 3,000 a m'maiko osiyanasiyana, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anati ntchito ikumuonongera mtendere wa mumtima. Ambiri anati sangayerekeze kuuza abwana awo, poopa kuti adzaoneka ofooka ndipo mwayi wokwezedwa udzawadutsa.

Wina akhoza kunena kuti ziwerengerozi ndi za kunja, za maloya a m'nyumba zosanja za ku Chicago, osati a ku Blantyre kapena ku Mzuzu. N'zoona kuti sitingazikopere monga zilili n'kunena kuti ndi za kwathu. Koma zomwe zimayambitsa vutoli sizidalira dziko. Ntchito ya m'khoti ndi ya mkangano tsiku ndi tsiku, momwe wina amayenera kugonja poyera. Masiku ake amaikidwa ndi bwalo, osati ndi loya. Loya wa milandu yaupandu amawerenga malipoti a chipatala a ana ogwiriridwa, amaona zithunzi za mitembo, amamva kulira kwa abale a mbali zonse ziwiri, kenaka amapita kunyumba komwe lamulo la chinsinsi silimulola kufotokozera ngakhale mkazi kapena mwamuna wake zomwe zamulemera mumtima. Pamwamba pa izi, anthu ambiri amasokoneza loya ndi mlandu wa kasitomala wake, ngati kuti woimira woganiziridwa kupha nayenso ndi wakupha, ngakhale mfundo za bungwe la United Nations za udindo wa maloya, zomwe zinavomerezedwa ku Havana mu 1990, zimaletsa poyera maganizo amenewa. Zonsezi loya wa ku Malawi amakumana nazo, ndipo iye amawonjezerapo abale ochuluka amene amayang'ana kwa iye pa fizi ndi pa maliro.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyambachi, ndipo ndikuchilemekeza. Omvera ena akuti: maloya ndi anthu ophunzira, oyenda pa galimoto, olipitsa ndalama zomwe mlimi sangazipeze pachaka. Tiwamvere chisoni bwanji pomwe namwino wa kuchipatala cha kumudzi amagwira usiku wonse ndi malipiro ochepa? Yankho langa ndi lakuti sindikupempha chisoni. Mukakwera basi ya usiku n'kumva kuti dalaivala sanagone kuyambira dzana, simufunsa kuti amalandira zingati, mumafuna atsike pampando chifukwa moyo womwe uli pachiswe ndi wanu. Ndiponso si maloya onse amene ali m'maofesi ozizira. Maloya a bungwe la boma lothandiza osauka pamilandu la Legal Aid Bureau, lomwe linayamba ntchito mu 2015, ndiwo amasenza mafayilo ambiri, ndipo makasitomala awo ndi anthu amene alibe kwina kothawira. Wolemera akaona kuti loya wake wafika m'khoti asanakonzeke amalemba wina mawa lake. Wosauka amakhala naye yemweyo mpaka chigamulo.

Apa pakubwera funso lovuta koposa. Ngati maloya m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda, kodi kuuza loya kuti azikana milandu yoposa mphamvu zake sikusiya osauka opanda woimira? Kodi loya wotopa si wabwinoko kusiyana ndi kusowa loya? Nthawi zina inde, ndipo sindingabise. Koma pali choopsa chimodzi chomwe chimabisala mu ganizo limeneli. Munthu akaima yekha pamaso pa bwalo, woweruza amadziwa kuti ayenera kumufotokozera ufulu wake ndi kumuthandiza kufunsa mboni. Akakhala ndi loya, woweruza amayembekeza kuti zonse zofunika zanenedwa, ndipo bwalo la apilo nalonso limawerenga nkhaniyo ndi maganizo omwewo. Motero kuimiridwa mwa dzina lokha kumachotsa chitetezo china popanda kubweretsa chenicheni. Komanso loya akamavomera fayilo iliyonse mwakachetechete, kuchepa kwa maloya kumabisika, ndipo amene amagawa ndalama za boma amaona ngati zonse zikuyenda. Mankhwala a kuchepa kwa maloya ndi kuchulukitsa manja. Lamulo la maphunziro ndi ntchito ya maloya la 2018 linaika udindo woti maloya azigwirako ntchito zina zaulere, ndipo udindo umenewu utagawidwa mwachilungamo ungapepuze anzawo a ku Legal Aid. Othandizira pa zamalamulo, omwe ntchito yawo m'ndende zathu inayamba m'chaka cha 2000, asonyeza kale kuti angathe kukonza zambiri mlandu usanafike kwa loya: kupeza abale oimira belo, kulondola mafayilo, kufotokozera akaidi kayendedwe ka mlandu.

Akuluakulu ena a ntchitoyi amanenanso kuti loya wabwino amaumbidwa ndi kuchezera usiku, ndipo amatchula mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 ngati chitsanzo. Ambiri a inu munaumvera pawailesi kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Disembala chaka chimenecho, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo tsiku lonse mpaka usiku. Palibe angakane kuti maloya a mbali zonse anagwira ntchito yowawa. Koma tayang'anani momwe inakonzedwera. Mbali iliyonse inali ndi gulu la maloya amene ankagawana mboni, kotero kuti wofunsa mafunso lero ankapatsa mpata mnzake pa mboni ina. Umboni unaperekedwa kale m'malemba olumbirira, aliyense ankadziwa chomwe chikubwera. Bwalo linapatula masiku a mlandu umodzi womwewo. Mlandu umenewu ukutiphunzitsa kuti ntchito yolemera imatheka bwino pamene yagawidwa ndipo masiku ake ndi odziwika. Malamulo a milandu ya pakati pa anthu a ku bwalo lalikulu a 2017 ali ndi cholinga chomwechi: woweruza amakhala pansi ndi mbali zonse kukonza ndondomeko ya mlandu, ndipo milandu yambiri imayamba yapita ku zokambirana. Kugwira ntchito molimbika kwa sabata zingapo pa mlandu waukulu n'kosiyana ndi kukhala wotopa zaka khumi. Koyambako kumanola munthu, pomwe kwachiwiriko kumamuphunzitsa kubisa zolakwa.

Nanga chichitike n'chiyani? Loya payekha awerenge milandu yomwe angaikonzekere moona mtima, ndipo yotsalayo aikane nthawi ikadalipo, kuti mwiniwake apeze wina. Kusiya kasitomala kutatsala masiku awiri kuti mlandu uyambe ndi kumutaya. Eni maofesi a maloya asiye kutumiza wachinyamata kukhoti ndi fayilo yomwe wailandira pachipata. Oweruza ali ndi mphamvu yaikulu pano kuposa momwe ambiri amaganizira: kuitana milandu yambiri pa ola limodzi kumakakamiza maloya kuthamanga pakati pa zipinda, ndipo kunyoza loya wachinyamata pagulu kumamuphunzitsa kuopa kufunsa. Bungwe la Malawi Law Society, lomwe lili ndi udindo woyang'anira khalidwe la maloya, lingachite bwino kukhala ndi khomo lachinsinsi lomwe loya amene mowa wayamba kumulamulira, kapena amene maganizo amulemera, angagogode asanafike pamaso pa komiti yolanga. Ku Britain kuli bungwe la LawCare lomwe lakhala likuchita ntchito yotere kuyambira mu 1997, ndipo amene amayankha mafoni ake ndi anthu odziwa ntchito ya zamalamulo. Khomo lotere silichotsa chilango kwa wolakwa. Limachepetsa chiwerengero cha makasitomala amene angavulale chilangocho chisanafike.

Kwa inu omvera amene muli ndi mlandu kukhoti, kapena m'bale wanu ali pa rimandi, muli ndi ufulu wofunsa. Mufunseni loya wanu ngati wawerenga umboni wonse, ngati adzabwera yekha pa tsiku la mlandu kapena adzatuma wina, komanso chifukwa chake mlandu wasunthidwa. Pemphani risiti pa ndalama iliyonse yomwe mwapereka. Ngati mayankho sakukhutiritsani ndipo mlandu ukungoyenda m'malo amodzi, mukhoza kukadandaula ku Malawi Law Society. Ndipo kwa inu maloya amene mukumvera muli m'galimoto pobwerera kunyumba, kapena mukadali mu ofesi: ngati mwaona kuti mwayamba kulowa m'khoti musanatsegule fayilo, kapena simugona popanda kumwa, uzani mnzanu wodalirika kapena dokotala sabata ino, ndipo milandu yomwe simungaikwanitse muipereke kwa ena isanafike tsiku lake.